Mbuzi ya Chaka Chachinayi

A Dokotala Reinford atabwerako ku msonkhano wakunja, anasiya kuona anthu, ankangoona dongosolo. Pa yunivesite ina m'mapiri a ku Dowa, iwo ndiwo anali mkulu wa dipatimenti yophunzitsa za khalidwe, ndipo mpandowo ankausamala kuposa thanzi lawo.

"Wophunzira salakwa, cholakwa ndi dongosolo," anatero. "Timawalowezetsa mabuku n'kutulutsa zinkhwe."

Motero anathetsa mayeso a chaka chachinayi. Kuti akhoze, ophunzira anayenera kusintha khalidwe la chamoyo chimodzi, icho osadziwa. Njira yake anawaphunzitsa okha: chikachita chimene ukufuna, chipatse chimene chimakonda, chikachita zina, khala chete.

"Tingachite pagulu, adokotala?" anafunsa Magdalena wa ku Madisi, yemwe ankakhala kutsogolo.

"Pagulu pomwe. Sankhani mbuzi kaya nkhuku."

"Tasankha kale."

Kuyambira apo, adokotala akamafotokoza za dongosolo, m'kalasi munkangoti zii. Tsiku lina anatchula mwangozi munda wawo wa mtedza ku Malomo. Manja analira mwaulemu, phu phu phu, ngati kwafika alendo olemekezeka.

"Eee," kalasi inavomera chamumtima.

Mawa lake anautchulanso mundawo. Koma posakhalitsa mtedza wokha unaleka kukwana. Manja ankalira pokhapokha akanena kuti "ndikadzapuma pantchito." Kenaka ka "dza" kaja kanayamba kuwatopetsa ana a eni, ankadikira "ndikapuma." Wachiwiri kwa adokotala, Mayi Kristina, amene anaudikira mpandowo mpaka imvi, anayamba kumakhala kumbuyo kwa kalasi, ati kudzaona mmene dongosolo likuyendera.

"Kodi mbuzi yanu ija ili kuti?" adokotala anafunsa m'mawa wina, nkhungu itaphimba phiri.

"Ikudya bwino," anatero Magdalena. "Yatsala pang'ono kulowa m'khola."

Palibe anaseka. Adokotala anayang'ana manja onse aja atagona pamadesiki, ndipo mbuziyo anaidziwa. Analumbira kuti za Malomo sadzazitchulanso.

Tsiku loonetsa akuluakulu a yunivesite zipatso za dongosolo latsopano linakwana. Adokotala anaima kutsogolo, tayi atamanga mpaka pakholingo. Anafotokoza za zolowa ndi zotuluka. Zii. Ananena nthabwala imene inaseketsa azungu kumsonkhano kuja. Zii. Ophunzira ankangowayang'ana, manja ali chire, otalikirana pang'ono ngati pakamwa.

Munthu akhoza kupirira njala, koma chete wa anthu odzaza holo ndi wina.

"Ine," anatero, lilime likuyenda lokha, "ndapuma."

Holo inagwedezeka. Akuluakulu aja anaimirira nawo, mwina msangamsanga kuposa mmene ulemu umafunira.

Phokoso litatha, Magdalena anakweza dzanja.

"Ndiye takhoza, adokotala?"

A Reinford anatsegula pakamwa, koma yankho linachokera kumbuyo.

"Zimenezo muzifunsa ine," anatero Mayi Kristina.