Dzina la Corinne pa Mndandanda

"Lole ikubwera mawa m'mawa, achemwali, kaya mwamaliza kaya simunamalize," anatero Wade kwa mlongo wake Corinne, akukulunga mawaya pamkono.

Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, a Lyle Hrechka, ndipo mayi awo ankasamuka m'nyumba ya ku Winnipeg sabata yomweyo. M'chipinda chapansi makompyuta anali mbwee, iliyonse ndi khadi lake la zithunzi. Kwa zaka makumi awiri mkuluyo ankasamutsa madalaivala, timapulogalamu touza khadilo zoonetsa pa sikirini, kuwachotsa ku pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux kuti azigwiranso ntchito pa inzake yotchedwa BSD. Wade ankati inali misala ya paukalamba.

Koma anzawo a malemuwo pa ntchitoyi anali atalemba kalata yofunsa za ntchito ina. Ntchito yomaliza, ya miyezi isanu ndi itatu, inali isanatumizidwe. Inali m'kompyuta yakuda ya pakona, yotsekedwa ndi mawu achinsinsi omwe a Lyle anapita nawo kumanda. Lole ikainyamula kupita nayo kokataya, basi yapita.

"Lowani ndi dzina lanu, si paja ndinu akatswiri?" anatero Wade.

Mawuwo anamulasa mtima Corinne, ndipo Wade ankadziwa pomwe akulasa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Corinne ankagwira ntchitoyi ndi bambo ake. Lamulo lawo linali limodzi: pulogalamu yosayesedwa isapatsidwe mphamvu zonse pa makina, ingotsegulidwira kakhomo kofikira pa khadi. Tsiku lina, chifukwa cha phuma, iye anayendetsa yake ndi mphamvu zonse. Inakalemba posayenera, sikirini inada bii, ndipo ntchito ya bambo ake ya chaka chathunthu inafufutika. A Lyle sanakalipe. Anangofufuta dzina lake pa mndandanda wa ololedwa kukhudza khadi, mwiniwake akuona. Corinne anapita ku Calgary, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi awiriwo akaimbirana foni ankangokambirana za kuzizira.

Tsopano Corinne anamuuza Wade kuti asiye chipongwe, kompyutayo inagulidwa chaka chatha ndipo iye sanaikhudzepo. Wade anati ndiye palibe chodikira, nagwira waya wa magetsi.

"Tausiya wayawo, iwe," anatero mayi awo, a Marlys, ataima pamasitepe ndi kapu ya khofi. "Corinne, tayesa, mwanawe."

Anayesa pongofuna kuwatonthoza. Analemba dzina lake, kenako mawu achinsinsi a pautsikana wake, dzina la galu wawo amene anafa kalekale.

Kompyutayo inatseguka. Ntchito yonse inali pomwepo, yongodikira munthu woiyesa pa khadi n'kuitumiza. Corinne anatsegula mndandanda uja wa ololedwa kukhudza khadi. Munali mayina awiri okha, ndipo loyamba linali lake.

"Atakufufuta muja, anakubwezerapo m'mawa mwake, iwe uli m'basi ya ku Calgary," anatero a Marlys. "Akagula kompyuta yatsopano ankayamba kusamutsa dzina lako, zinazo pambuyo. Ndinkawauza kuti akuimbire, koma bambo ako umawadziwa."

Wade anayamba kumasula mawaya aja pamkono, mmodzimmodzi. Pansi pa dzina la Corinne panali kamzere, monga momwe a Lyle ankalembera pofotokoza chifukwa cha chilolezo chilichonse. Corinne anakawerenga kawiri.

"Musachotse. Abweranso."