Mpope Umene Wendell Sanamalize Kufukula

"Ndiye mwabwerera kawayilesi?" anafunsa Shauna, osawapatsa n'komwe mpando.

A Dwayne Penner, mkulu wa ozimitsa moto m'tauni yathu, anaima pakhomo la khitchini chipewa chili m'manja, chipale chofewa chikusungunuka pansapato zawo. Bambo ake a Shauna, Wendell Kowalchuk, anali kunyumba yachisoni, kuika kuli mawa. Patebulo panadzaza mbale za mapirogi, timikate tokhala ndi mbatata m'kati, zochokera kwa anansi, iliyonse ili ndi dzina la mwini wake kunsi kuti idzabwerere. Ndimo tilili anthu a kuno ku Manitoba, m'dziko la Canada: miseche timadya kumbali, chakudya n'kubweretsa chotentha.

"Ndi katundu wa gulu, mwanawe," anatero a Penner. "Ndabweranso kudzapepesa."

"Nanga kuitana kuja?"

Ozimitsa moto a kuno salipidwa. Ndi alimi, amakanika, aphunzitsi, anthu oti kawayilesi kakalira amasiya chakudya patebulo n'kuthamanga. Malipiro awo amalandira atafa. Pa tsiku la maliro, mayi wolandira mauthenga a ngozi amaitana dzina la womwalirayo pa mawayilesi onse, n'kudikira. Amaitananso, n'kudikiranso. Kenako amalengeza kuti wakutiwakuti sanayankhe, ntchito yake wamaliza. Wendell anayamba kuzimitsa moto asanakwatire, ndipo ankakonda kunena moseka kuti tsiku limenelo ndi lokhalo limene adzakane kuyankha.

"Komiti yakana," anatero a Penner, maso ali pansi. "Bambo ako anali atatuluka m'gulu."

"Anatuluka, kapena munawatulutsa?"

Nkhaniyi inayamba mu Ogasiti, pamene akuba a pa intaneti anathyola webusaiti ina ya anthu apabanja ofuna zibwenzi zamseri, n'kumwaza mayina onse poyera. Posakhalitsa panabuka masamba oti ukangolembapo imelo ya munthu, amakuuza ngati alimo. Aaa, tauni yonse inasanduka apolisi! Nkhalamba zoti kuyatsa kompyuta zimachita kuitana adzukulu zinaphunzira tsiku limodzi. Dzina la Wendell linapezeka, ndipo pofika Lamlungu linali litazungulira tchalitchi, sitolo ndi bwalo la masewera a hoke. Komiti inamupempha mwaulemu kuti ayambe wapuma. Kawayilesi kokha anakakakamira, ndipo palibe amene analimba mtima kukalanda iye ali moyo.

Shauna anakankha mbale za mapirogi, n'kutembenuza laputopu kuti iloze kukhomo.

"Imelo yanu ndalemba kale, a Penner. Chatsala n'kudina basi. Ndikathana nanu ndilemba a komiti onse, abusa omwe. Tione ngati wochimwa m'tauni muno anali bambo anga okha."

Chipewa chija chinayamba kuzungulira m'manja mwa a Penner.

"Usachite zachibwana, Shauna."

"Zachibwana? Pamene akazi anu a Marcy ankatumiza dzina la bambo anga kwa amayi onse a kwaya, zinali zachikulu?"

"Mwina... mwina komiti ingakhalenso pansi madzulo ano."

"Mwamva, amayi?" Shauna anaseka chiseko chowawa. "Komiti ija yachira!"

Mayi Lorna, mkazi wa malemuyo, nthawi yonseyi anali pasinki, akutsuka kapu imodzi yomweyo. Anapukuta m'manja pang'onopang'ono, anafika patebulo, n'kutseka laputopu ija phwa!

"Amayi!"

"Khala chete iwe." Anatembenukira kwa mlendo uja. "Wendell analembetsadi, a Penner, musaganize kuti ndikumuyeretsa. Ndinamufunsa pomwe mwaimapo, anavomera, analira ngati mwana. Kuyambira Ogasiti wakhala akugona pasofa m'chipinda chapansi. Ndinali ndisanathane naye. Ndinali ndi mawu odzaza m'mimba oti ndimulavulire. Koma ndikati ndiyambe, ndinkapeza inu mwamutsiriza kale. Kusitolo anthu kumufulatira. Kutchalitchi benchi yonse yekhayekha. Munthu wabwera ali ngati nkhuku yonyowa, ndimukalipira bwanji? Ndinkachita kumunyengerera kuti adye, ine wonamizidwane! Anakulakwirani chiyani inu? Paguwa paja analumbira kwa inu? Iye anandichotsa ulemu, chabwino, ndi mlandu wa ine ndi iye. Koma inu mwandilanda ndi mkwiyo wanga womwe."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndipo iwe," anapitiriza, chala chili pa Shauna, "ukadina pamenepo, amene sagona si bambowa. Ndi Marcy. Ndimadana naye Marcy, Mulungu akudziwa, koma zimene ndinaona ine mu Ogasiti sindingamufunire ngakhale iyeyo. Ukuganiza kuti nzeru imeneyi wayamba ndiwe? Ine ndemwe ndinawauza bambo ako kuti afufuze a komiti onse. Anati manyazi awo okha awakwanira, a ena sakuwafuna."

"Ndiye tiwaike ngati galu?" Shauna anali akulira tsopano, koma kunali kulira kwa ukali. "Popanda kuitana, popanda galimoto yofiira, popanda chilichonse?"

"Lorna," anatero a Penner motsitsa, "kuitana kuja tikhoza kukonza ndithu. Ndilankhula nawo."

"Ayi. Dzulo munakana muli ndi nzeru zanu zonse. Lero mukuvomera chifukwa miyendo ikunjenjemera. Kuitana koteroko khalani nako." Anazula kawayilesi pachaja n'kukaponya m'chipewa chawo chija. "Katundu wanu ndi ameneyo. Nanga wathu? Fosholo ili kuti?"

A Penner anayang'ana m'chipewamo ngati muli yankho.

"Idakali kwathu. Pampanda."

Apa mpamene panali pouma pakamwa. Chipale chikagwa chambiri, mipope yofiira ya m'mbali mwa msewu, imene ozimitsa moto amalumikizako mapaipi awo, imakwiririka yonse. Palibe amene anamutuma Wendell, koma chaka ndi chaka ankaifukula, ndipo atamuchotsa m'gulu sanasiye. Lachiwiri m'mawa mtima wake unaima akufukula mpope wa pageti pa a Penner. Anamupeza ndi a Penner omwewo potuluka kupita kuntchito.

Mayi Lorna anavala jasi la mwamuna wawo, limene linali pachikolekero kuseri kwa chitseko, n'kutuluka. Shauna anawatsatira nsapato osamanga, a Penner pambuyo. Mumsewu monse makatani ankagwedezeka. Anthu athu! Kubwera kudzakufunsa maso ndi maso sangathe, koma pawindo palibe amene amawaposa.

Fosholo inalipodi, yotsamiritsidwa bwinobwino pampanda. Mpopewo unali wofukulidwa mbali imodzi, yoyera mpaka pansi, ndi kanjira kolowera kumsewu. Mbali inayo inali yokwiririka mpaka pamwamba. Mayi Lorna anatenga fosholo n'kuyamba pamene panathera mwamuna wawo.

"Amayi, zoona?" anakuwa Shauna. "Mpope wa anthu amenewa? Nyumba yawo ipse, itheretu!"

"Ndinawauza mawu omwewo bambo ako Lachiwiri," anayankha osadzutsa mutu. "Anangovala magolovesi."

Chitseko cha nyumba chinatseguka pang'ono, Marcy n'kusuzumira, koma ataona amene akufukula anachibweza mwakachetechete.

Chipalecho chinali chitauma gwa, ndipo mayi wa msinkhu wawo sinali ntchito yake. Anabaya, anaponya, anabaya, anaponya, mpweya ukutuluka ngati utsi. Atatopa anatsamira fosholo, anayang'ana mbali yoyera ija, n'kukuwa mawu oti anamveka mpaka kumapeto kwa msewu.

"Wendell Kowalchuk! Chitsiru iwe, ukundimva?"

Anadikira. Msewu wonse unali zii. A Penner, amene anali atavalanso chipewa chawo, anachivula.

"Wendell," anaitananso, koma tsopano motsitsa, monga ankaitanira pamwamba pa masitepe a chipinda chapansi chakudya chikapsa.

Anadikiranso nthawi yaitali. Kenako anapukuta mphuno ndi dzanja la jasi lija, n'kupitiriza kufukula mozungulira mpopewo, akusiya malo okwanira oti munthu wonyamula paipi agwade bwino, monga ankachitira mwini wake wa fosholoyo.