Malemu Wilfred Atsegula Chitseko

Noreen Kowalchuk anasasa chipale chofewa kunsapato zake n'kugogodanso. Buku lake lonena za asilikali a ku Manitoba amene anafera kunkhondo ku Holland mu 1944 linkapita kosindikiza Lachisanu, koma tsamba limodzi linalibe chithunzi. Iye ankangofuna nkhope ya Wilfred Tessier basi.

Amene anatsegula chitseko anali mkulu wina wotsimphina.

"Pepani bambo, ndikufuna achibale a malemu Wilfred Tessier."

"Lowani. Malemuwo ndine."

Noreen anaseka, koma mkuluyo sanaseke. Ha! Imfa ya munthu ameneyu anali ataiwerenga katatu: m'kaundula wa asilikali, m'telegalamu, ndi pamwala wachikumbutso pakati pa tauni. Nanga akufa amavala juzi yazigamba?

"Mwamuopseza mlendo, inu," anatero Odile, mkazi wa mkuluyo, akuthira khofi. "Khalani pansi mayi. Mzukwa umenewu ndakhala nawo zaka makumi anayi, ndipo umaliza mkonono ngati thirakitala."

Noreen anayala tsamba lija patebulo, n'kufotokoza za buku lake lopita kosindikiza Lachisanu. Chidwi chinamugwira mpaka anaiwala kuvula chipewa.

"Ndiye amene ali m'manda ku Holland ndani?"

"Mng'ono wanga, Armand." Wilfred anasisita bondo lake lolumala. "Ine sakadandilemba usilikali ndi mwendo uwu. Iye anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali ngati chitseko, koma wosakwana msinkhu. Anandipempha kalata yanga yaubatizo. Ndinamupatsa."

"Olembawo sanafunse?"

"Afunse chiyani? Ankafuna anthu, osati mafunso. Telegalamu itafika yonena kuti ndafa, ine n'kuti ndikukama ng'ombe. Amayi anaiwerenga, kenaka anandiyang'ana. Sanandiitanenso dzina langa mpaka kumwalira kwawo."

Odile anasiya nthabwala. Anakankhira mbale ya mabisiketi kwa mlendo, koma palibe anatolapo.

"Anthu a m'tauni muno sadziwa?" anafunsa Noreen.

"Akuluakulu ankadziwa, anangotseka pakamwa. Anatha onse. Ana a masiku ano amayesa panali a Wilfred awiri."

Noreen anachita manyazi. Zaka khumi ndi ziwiri akukhulupirira mapepala aboma, osaganiza zogogoda pakhomo la munthu. Safunsa anadya phula, ndipo iye anangotsala pang'ono kudyetsa phulalo dziko lonse.

"Bambo, nditha kulisiya tsambali momwe lilili," anatero. "Ndikalemba zoona, aliyense adziwa kuti kalatayo munapereka ndinu."

Wilfred anadzuka, n'kukatenga chithunzi m'kabati: mnyamata wamakutu aakulu, chipewa chausilikali chitapendekeka.

"Novembala aliyense ndimaima pamwala paja, abusa n'kumawerenga mayina," anatero. "Akafika pa langa, anthu amaweramitsa mitu, ine ndili chiimire pomwepo. La Armand silinatchulidwepo ngakhale kamodzi. Ndinamupatsa dzina langa, ine n'kumulanda lake."

"Aziti chiyani anthu?" anafunsa Odile motsitsa mawu.

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

Wilfred anapempha cholembera cha Noreen. Anakhwatcha dzina lake patsamba lija, n'kulemba la Armand pamwamba pake, chilembo chimodzichimodzi.

"Lachisanu, mwatero?"

"Lachisanu."

"Ndiye mudzabwere nalo buku limodzi Novembala asanafike. Ndikufuna abusa adzawerenge m'menemo."