Kabokosi ka kuseri kwa kabati

Makompyuta atsopano anali atandandalikidwa m'chipinda chophunzitsira, onse opanda kanthu m'mimba. Wowathira sisitimu anali mlamu wake wa Sekilitale, ndipo Bwana ananena poyera kuti akaigwira bwino ntchitoyo amulemba kuti azisamalira makompyuta onse a pakampanipo. Mwayiwu anaupeza ndi Sekilitale yemweyo. Anachita kunyengerera Bwana mpaka malovu kuuma, poti mwamuna wa mng'ono wakeyu anali atakhalitsa pakhomo, mng'onoyo ali ndi pakati potopa.

Mlamu anafika m'mawa atavala shati yosita bwino, kolala yokha ndiyo inkaulula kuti shatiyo yaona zambiri.

"Ine sindiyenda ndi fulashi kompyuta iliyonse ayi, Bwana," anatero akulumikiza laputopu yake. "Kompyuta ikangoyaka imafuula pa netiweki kuti, ndine yani, nanga sisitimu ndikaitenga kuti? Laputopu yangayi imayankha, n'kuipatsa nambala ndi njira. Onsewa adyera limodzi."

Bwana anagwedeza mutu ngati wamva. Sekilitale anali ataima pakhomo akumwetulira, mtima uli m'malo.

Mlamu anayatsa kompyuta yoyamba. Pa sikirini yakuda panayenda timadontho, kenaka panabwera mawu oti fayilo yoyambira sinapezeke. Yachiwiri inatero, yachitatunso chimodzimodzi.

Anasintha chingwe. Anazimitsa swichi yomwe zingwe zonse za m'maofesi zimakumanapo, n'kuyatsanso. Analowa m'kati mwa kompyuta kukaona ngati yauzidwadi kuti iziyambira pa netiweki, anapeza zili bwino. Anatsegula chotchinga chomwe chimaletsa mauthenga achilendo kulowa mu laputopu yake, n'kuwerenga dzina la fayilo chilembo ndi chilembo ngati mwana wa sukulu. Ophunzira anabwera, anadikira pakhonde mpaka kutopa, Bwana n'kuwabweza. Pofika masana shati ija inali itamatirira kumsana.

Sekilitale atabweretsa madzi akumwa, anapeza mlamu wake akulozera Bwana pa sikirini.

"Nambala iyi si yanga, Bwana. Pali wina akuyankha ine ndisanayankhe. Akuwapatsa nambala koma osawauza kokatenga sisitimu, ndiye akungosochera. Muno mulibe karauta kena kolumikizidwa penapake?"

"Mulibe," Bwana anayankha mokalipa. "Ndinaletsa kalekale. Amene ndidzamupeze ndi kabokosi ka wayifayi muno adzachoka tsiku lomwelo, ndipo onse akudziwa. Si choncho, Mayi?"

"Ndi choncho, Bwana," anatero Sekilitale.

Mawuwo anatuluka okha, koma anali abodza. Kabokosi kanalipo. Sekilitaleyo anachokera nako kunyumba, n'kukabisa kuseri kwa kabati ya mafayilo pafupi ndi desiki yake ya pofikira alendo, ndipo kanali ka ntchito yaikulu kwambiri: kuonerapo mafilimu achikondi pafoni nthawi yopuma. Sankadziwa kuti kanthu kakang'ono ngati sopo kangathe kuyankha mafunso osafunsidwa.

Anathamangira pofikira alendo kuti akakazule mwakachetechete. Tsoka ilo, Bwana anamutsatira, n'kudzigwetsa pampando wa alendo womwe unatsamira kabati ija, n'kutambasula nyuzipepala.

"Munati ndi katswiri, Mayi."

"Ndi katswiri ndithu, Bwana."

"Tiona."

Pamenepo mpomwe akanalankhulira. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wa Sekilitale tsiku limenelo unalewa. Anakhala pansi n'kumataipa kalata yomwe anali atataipa kale dzulo lake. Ankadziuza kuti Bwana akangodzuka akazula, kuti mlamu ndi wanzeru apeza njira ina, kuti iyenso ali ndi ana. Zifukwa zinali zambiri, ndipo ankadziwa kuti zonse zinali mantha basi. Anadzida.

Kuchipinda kuja Mlamu anayamba kuzula zingwe pa swichi chimodzichimodzi, akazula n'kuyatsa kompyuta. Mwadzidzidzi kunamveka, "Eyaa!" Bwana anadzuka, Sekilitale n'kutsatira.

Makompyuta onse anali akumeza sisitimu, mizere ikuyenda pa sikirini iliyonse. Mlamu anali atagwira chingwe chimodzi chozula. Chingwe chilichonse chinali ndi kapepala kosonyeza ofesi yomwe chikupita. Anawerenga kapepalako, anakweza maso kuyang'ana Sekilitale, kenaka anakafumbata m'dzanja.

"Wakapeza kabokosiko?" anafunsa Bwana. "Kali mu ofesi ya ndani? Nena, ndithane naye pompano."



"Kunalibe kabokosi, Bwana," anatero Mlamu. "Ndinasokoneza ndine pa laputopu yanga. Ndakonza."

"Ndiye wandibwezetsa ophunzira, n'kufunanso kunamizira antchito anga? Malizitsa uzipita. Za ntchito ija iwala."

Poweruka, Bwana atadzitsekera mu ofesi yake, Mlamu anadutsa pofikira alendo chikwama chili paphewa. Anaima pa desiki ngati wotsanzika.

"Alamu, chingwe cha pamalo panu ndachisiya chozula. Musanachibwezere, kamwana kanu kaja kabwerere kwawo. Kamayankha akuluakulu asanayankhe."

Anayesa kuseka, koma Sekilitale misozi inali italengeza.

"Bwanji simunanene, alamu? Ntchito inali yanu imeneyi."

"Inu mutuluke, ine ndilowe? Nanga mng'ono wanu ndikanakamuuza kuti mpando ndaupeza bwanji?" Anakonza lamba wa chikwama. "Ine kukhala pakhomo ndinazolowera. Tsalani bwino."

Atapita, Sekilitale anagwada n'kukoka kabokosi kaja kuseri kwa kabati. Kanali kofunda, kodzaza fumbi, timagetsi take tikuphethirabe ngati sikanalakwe kanthu. Anayang'ana chitseko cha Bwana. Sichinali patali, koma iye anangokhala chogwada pomwepo.

Foni inalira. Anali mng'ono wake.

"Achemwali, foni ya bambo akunyumba yathima, ndiye ndati ndifunse inu eni ake. Zayenda bwanji? Awatenga?"

"Ali m'njira," anatero Sekilitale. "Akuuza okha."

"Iii, inunso kubisa! Koma Mulungu akudalitseni, achemwali, pakanapanda inu kaya tikanatani. Ine ndawasitira kale shati ya mawa."