Kompyuta Imene Abambo Anati Anaiwononga Okha

Injiniya anadinanso batani. Kompyuta inalira kamodzi ngati yatsamwa, fani yake n'kuyamba kupukusa fumbi. Pa sikirini yakuda panatuluka timawu toyera pakona, pansi pake kamzere kophethira. Basi, sinapitirire.

"Ukungodzivuta," anatero achimwene ake ali pakhomo, atasenza mipando ya pulasitiki imene anabwereka pamaliro. "Imeneyo mdala anaipha kalekale."

Dzina loti Injiniya anam'patsa ndi abambo ake omwewo, ali kamtsikana, tsiku limene anamasula wailesi ya m'nyumba n'kulephera kuibwezeretsa. Dzinalo linam'kanirira mpaka anakuladi n'kupeza ntchito yokonza makompyuta pakampani ina mumzinda wakutali. Tsopano abambowo anali ataikidwa m'manda, abale ambiri atabwerera kwawo, ndipo amayi anali atam'pempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha tsiku la ukwati wawo, choti akachikulitse achipachike pabalaza. Buku la zithunzi linavunda chaka chimene denga linadontha. Mwayi wake, abambo atapuma pantchito yoyendetsa mabasi anali atakhalira kuzilowetsa zithunzizo m'kompyuta chimodzichimodzi, magalasi ali pamphuno, n'kumalemba dzina la aliyense pansi pake.

Injiniya anayang'ana timawu tija. Ankatidziwa. Timawu totere sitibwera chifukwa nkhalamba yadina polakwika.

Ulendo wake womaliza kubwera kunyumba, chaka chathachi, anaipeza kompyutayo ikuyenda ngati yatopa ndi moyo. Anaiseka, n'kuuza abambo kuti aiikira sisitimu yatsopano yopepuka pambali pa yakaleyo, kuti poyatsa azisankha okha yomwe akufuna. Abambo anangofunsa za zithunzi zawo, iye n'kuwatsimikizira kuti sizikhudzidwa. Anagawa disiki pawiri, n'kuyamba kulowetsa sisitimuyo, koma makina akalewo ankachedwa ndipo basi inali pafupi kunyamuka. Anawauza kuti angoisiya, ikamaliza iyaka yokha. Ali m'njira anaimba foni, abambo n'kumuuza kuti zonse zatheka bwino. Sanabwerenso. Ntchito, mawa, mwezi wamawa. Uthenga wa kuchipatala utam'peza anakwera basi, koma anafika abambo atatsirizika kale.

Masana, akumwa tiyi pakhonde, achimwene anaikamba nkhani ya kompyutayo ngati nthabwala, pofuna kuti amayi amwetulireko. Akuti mdala anawaitana tsiku lina n'kuwauza, akukanda m'mutu, kuti wadinadina zinthu zosazidziwa ndipo makina afa. Alamu ake a Injiniya anawonjezera kuti ngakhale atafunsidwa chimene anadina, apongozi awowo ankangoti aiwala.

"Ndi pamene tinadziwira kuti mutu wayamba kuchoka," anatero achimwene. "Sabata yomweyo ndinawalanda makiyi a galimoto. Munthu woiwala chimene wachita dzulo ungamusiye pamsewu?"

Amayi sanaseke. Ankangotembenuza kapu yawo m'manja. Injiniya anameza tiyi wotentha osamumva kukoma. Abambo ake anayendetsa mabasi moyo wawo wonse osagundapo ngakhale mbuzi, ndipo kagalimoto kawo kofiira ankakatsuka okha m'mawa uliwonse. Injiniya anaika kapu yake pansi. Anangoti akukayesanso, n'kudzuka.

M'chipinda muja munali mukununkhabe mafuta amene abambo ankadzola m'maondo. Anatsitsa bokosi la kompyuta n'kuliika pabedi, n'kumasula zomangira ndi mpeni wa patebulo poti sikuludiraiva sinapezeke. M'kati munali fumbi lochita kuundana ngati thonje. Analipukuta ndi mswachi wakale, n'kuzula mawaya a disiki ndi kuwabwezeretsa, akudzinamiza kuti mwina vuto ndi waya womasuka. Anayatsa. Timawu tomwe tija.

Analowa m'masetingi a makinawo n'kupeza wotchi yake ikunena chaka chimene iye anali asanamalize n'komwe sukulu. Kabatire kozungulira ka m'kati kanali katatha. Anayenda wapansi kukagula kena kusitolo ya mawotchi, ndipo m'njira anthu ankamuimitsa kum'pepesa, ena n'kumamuuza kuti malemu ankamunyadira kwambiri, sankatha chiganizo osatchula Injiniya wawo. Iye ankangoyang'ana pansi n'kumathokoza.

Kabatire katsopano kanakonza wotchi yokha. Anatulutsa fulashi yokhala ndi sisitimu yakeyake, imene ankayenda nayo m'kachikwama ka makiyi, n'kuuza makinawo kuti ayambire pamenepo m'malo mwa disiki. Makinawo anakana. Anaisamutsira kubowo lakumbuyo, n'kuyesanso. Kompyuta inaganiza nthawi yaitali, kenako sikirini inawala.

Disiki inaoneka monga anaisiyira: mbali ziwiri. Mbali yakale inali yathunthu. Yatsopano inali yolekezera panjira, ngati nyumba yofika m'mawindo. Sisitimu yatsopanoyo inali itafufuta kale kanjira kamene makina ankadzera poyaka, koma isanamalize kuika kake. Kaya magetsi anazima iye atangochoka, kaya kulowetsako kunangoima pakokha, zinalibenso ntchito. Anatsegula mbali yakale. Zithunzi zonse zinalipo. Anayang'ana tsiku limene chinthu chomaliza chinasungidwa: linali Lamlungu lomwe lija anathamangira basi.

Ntchito yotsalayo sinali yovuta, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Inali yoti akanatha kuichita tsiku lililonse akanangobwera. Analemba malamulo angapo obwezeretsa kanjira kaja, n'kulakwitsa koyamba, n'kubwerezanso. Anazula fulashi, n'kuyatsa. Kompyuta inalira kamodzi, n'kuimba kanyimbo kake kakale kotsegulira.

Kanyimboko kanamveka mpaka pabalaza. Amayi anafika akukokera masilipasi, achimwene ali pambuyo. Injiniya anatsegula chithunzi cha ukwati: abambo ali ndi suti yowakulira m'mapewa, amayi akuseka atagwira chipewa kuti chisauluke. Amayi anakhala pansonga ya bedi n'kuchiyang'ana osaphethira.

"Koma ndiwedi Injiniya," anatero achimwene. "Ndiye mdala anadina chiyani?"

Zikanatheka kungoti sizikudziwika. Palibe akanam'tsutsa.

"Sanadine chilichonse, achimwene. Ndinaiwononga ndine. Ndinaisiya ntchito ili pakati tsiku lija ndinkathamangira basi. Chichokereni ine sinayakenso."

Achimwene anaseka pang'ono, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope yake analeka. Anafunsa ngati akutsimikiza, iye n'kuwalozera tsiku lija pa sikirini. Achimwene anawerama, n'kuliwerenga, milomo ikuyenda. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kufunsa ngati iwo ankadziwa.

Amayi anavomera ndi mutu. Anati abambo anadikira tsiku lonse kuti iyake yokha monga anauzidwira, m'mawa mwakenso chimodzimodzi. Atawauza kuti amuimbire mwanayo, anakana. Anati mwana ali ndi mabwana omuvutitsa kale, asamachite kukwera basi ulendo wonsewo chifukwa cha zidole za nkhalamba. Anatinso achimwene ake akamva adzam'kalipira, ndipo ana awiri okhawo asadane chifukwa cha bokosi.

"Nanga za makiyi zija?" Mawu a achimwene anatuluka otsika. "Bwanji sananene pamene ndinkawalanda makiyi?"

"Ndinawafunsa zomwezo," anatero amayi. "Anati wachita bwino, maso ayamba kale kuvuta. Koma maso awo analibe vuto, amandilowetsera ulusi pasingano mpaka mwezi wathawu."

Achimwene anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili m'thumba. Anayang'ana mlongo wawo ngati akufuna kunena mawu olasa, ndipo Injiniya anawadikira mawuwo, mwinanso kuwalakalaka. Sanabwere. Anangoti mipando ina yatsala yoti akabweze, n'kutuluka. Pawindo Injiniya anawaona atadutsa mipandoyo osaikhudza, n'kukaima kuseri kwa nyumba atafulatira.

Anatsala awiri. Injiniya anagwada pafupi ndi amayi ake n'kunena kuti akanangodziwa akanabwera. Atangotero anachita manyazi ndi mawu akewo, chifukwa sankadziwa ngati anali oona. Amayi sanam'tonthoze ndipo sanamudzudzule. Anam'funsa ngati chithunzicho chingatuluke chachikulu osawonongeka, iye n'kuyankha kuti chituluka. Anafunsa ngati zinazo angazisunge pena, kuti zisadzasowenso, iye n'kuti azikopera lero lomwe, malo awiri.

"Koma inetu ndinkawafunsa, amayi," anatero Injiniya. "Nthawi zonse ndikaimba ndinkafunsa ngati ikuyenda bwino."

"Unkafunsadi."

Amayi anadzuka pabedi n'kukhala pampando wa abambo, umene unali ndi pilo wophwatalala. Anakokera kiyibodi pafupi. Sanaigwirepo chiyambire, ndipo zala zawo zinaima m'mwamba ngati za munthu woopa kupsa.

"Foni yako ikangolira abambo ako ankathamangira muno," anatero. "Amvekere, khala chete mayi, mwana amve kuti ndili pantchito."

Anapendeketsa mutu n'kukweza phewa ngati apanira foni kukhutu. Kenako, ndi zala ziwiri, anayamba kugogoda mabatani pang'onopang'ono, osayang'ana n'komwe pa sikirini.