Kuseri kwa Ofisina

Ku ofisina ya ukalipentala ya a Norberto, mmisiri wamkulu amene antchito ankawatcha Mesitiri, ku Sanjala, nkhani inali imodzi yokha: Elísio sadya ndi anzake. Masana akakwana, makina ochekera matabwa n'kuzimitsidwa, onse ankazungulira beseni la mbatatesi ndi nyemba, koma iye ankanyamula kabakuli kake ulendo wa kuseri. Ntchito yake yosalaza mipando ankaigwira ndithu, kungoti ngakhale moni ankayankha maso ali pansi.

Amene zinamuwawa kwambiri anali Salumu, mkulu wa pamakina, munthu woti akamanong'ona amamveka mpaka ku Chiuaula. Iye ankati wokana chakudya cha anzake ndiye kuti akuwayesa afiti, kapena akuopa kumuthirira mankhwala. Tsono wophika beseni lija anali mkazi wake, choncho chipongwecho chinkafika mpaka kunyumba kwake. Tsiku lina anauza a Norberto mosapsatira kuti asankhepo mmodzi, Elísio kapena iye.

A Norberto mtima unawawawa. Lídia, mlongo wake wa Elísio, pomubweretsa anawauza kuti adokotala anapeza kuti ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa autizimu, ndipo kwina konse ankamuchotsa ntchito mwezi usanathe. Iwo tsikulo anangogwedeza mutu ngati amva, chonsecho sanatolepo kanthu. Koma popanda Salumu makina sakanayenda. Masana amenewo anapita kuseri atakonza kale mawu omutsanzikira Elísio.

Anamupeza atakhala pamulu wa matabwa a paini, zikhatho zili m'makutu, akudzigwedeza pang'onopang'ono. Chakudya anali asanachikhudze. Mawu anakonza aja anawathawa, ndipo anangokhala pansi pambali pake. Patapita nthawi, Elísio anatsitsa manja.

"Mesitiri, makina amalirabe m'mutu mwangamu ngakhale atazima," anatero akuyang'ana utuchi. "Ndiye pabeseni paja mumalankhula nonse nthawi imodzi, chakudya sichimezeka. Koma nyemba za amayi akunyumba kwa a Salumu zimanunkhira bwino."

A Norberto anachita manyazi, pakuti miyezi yonseyi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa. M'mawa mwake anasamutsira tebulo la Elísio pakhonde la kuseri, kutali ndi makina, n'kumugulira zotsekera m'makutu. Kenako anaitana Salumu namufotokozera zonse, osaiwala za kununkhira kwa nyemba. Salumu anangoti wamva, nkhope ili gwa, osanena ngati akhala kapena achoka.

Masana Salumu anapungulira chakudya m'mbale yaikulu natuluka osatsanzika munthu. Anzake anayang'anana, akuti basi wapita ameneyo. Koma iye anazungulira kuseri, n'kuika mbaleyo pamatabwa pakati pa iye ndi Elísio. Kukhala chete kunamuvuta bambo uja kuposa kusala kwa Ramadhani. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kudzikanda m'ndevu. Mumtima ankaopa kuti akanidwanso, ndipo ulendo uno pamaso. Elísio anayang'ana mbale ija kwa nthawi yaitali. Kenako anasamba m'manja, natapa nyemba.

Anadya awiriwo osalankhulana mpaka mbale inayera. Salumu anasangalala ngati mwana, ngakhale analibe ponenera. Akudzuka kuti abwerere ku makina ake, Elísio analankhula, maso ali pansi monga mwa masiku onse.

"Mawa mubwerenso, a Salumu. Koma nokha."