Magazi a Ezelina

Amene ndinayamba kuona ndine. Enawo anali kalikiliki ndi fodya, mwana wanga Fainala akusoka masamba, mwamuna wake Levison akupachika m'chigafa, koma ine maso anali pa mdzukulu wanga Ezelina, amene anagona pa saka pamthunzi osapempha kanthu. Mwana wa zaka zinayi sakhala chete masana popanda chifukwa. Ndinamutsegula chikope ndi chala, m'kati muli mbee ngati ufa woyera. Zikhatho nazonso mbee.

"Mwanayu magazi atha," ndinatero. "Ndinanena ine kuti malungo aja sanachoke, anangobisala."

"Amayi, inu chilichonse mumanena," anayankha Fainala, singano ili m'manja.

N'zoona, ndimanena. Ndinanena kuti botolo la mankhwala a fodya lisamakhale pafupi ndi mtsuko. Ndinanena kuti mwana asamasewere pansi pa chigafa mitengo yake itadyedwa ndi chiswe. Ndinanenanso, chaka chimene Fainala ankapita kukasankha fodya ku esiteti asanatenge pakati pa Ezelina, kuti kapitawo wa kumeneko, Cornelius uja, amaseka kwambiri ndi akazi a eni. Ndinkanena mokweza kuti mkamwini wanga amve, azikamuchingamira mkazi wake panjira. Mwana wanga sanachite kanthu, ndikudziwa. Koma munthu umachenjeza zinthu zisanachitike.

Levison anatsika m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, anakweza mayi ndi mwana panjinga. Ine ndinatsatira pa kabaza, ndikumuuza wopalasayo kuti asathamange.

Kuchipatala anati mwana afunika magazi tsiku lomwelo, ndipo achibale apereke awo kubwezera amene atenge mosungira. Ine ndinakana kubayidwa. Magazi akatuluka m'thupi sudziwa kumene akupita. Koma Levison anali atapinda kale mkono wa malaya. Munthuyu kwawo n'kutali, ku Phalombe. Anabwera kuno ali mwana ndi makolo ake pa utenanti wolima fodya wa eni, makolowo anaikidwa m'manda a eni, iye n'kudzakwatira kwathu. Pamudzi pathu munda ndi wathu, malo a nyumba ndi athu. Chake chenicheni chimene ankaloza ndi chala chinali mwana ameneyo.

"Anga omwewa mumuthire," anauza namwino atatha kupereka. "Ndine bambo ake."

Namwinoyo anali mtsikana wochepa thupi, wa mawu ofatsa. "Anuwa talandira, bambo, athandiza wina. Koma mwanayu sangalandire anu. Anu ndi a gulu la A, a mayi ake ndi a B, mwana ndi O. Tamupezera a O, akulowa kale."

Zilembo ine sindizidziwa, koma nkhope ya munthu ndimaidziwa.

"Ndiye kuti mwana sanatenge anga, sanatenge a amake?" anafunsa Levison.

"Anatenga kwa nonse awiri. Munthu aliyense amanyamula mbewu ziwiri za magazi, ina yochokera kwa bambo ake, ina kwa mayi ake. Mbewu ya O ikakhala pamodzi ndi A kapena B imabisala, poyeza siioneka. Inu muli ndi A, koma kuseri kwake kuli O. Mayiwa chimodzimodzi, kuseri kwa B wawo. Mwanayu anatola O wanu ndi O wa mayi ake. Timaziona kawirikawiri."

"Chobisalacho mwachiona bwanji inu, poti poyeza sichioneka?"

"Tachionera mwa mwanayu."

Ine ndi mkamwini wanga timayankhulana chammbali, motalikirana, monga mwa ulemu wa kwathu. Nkhani ya magazi ake sinali yoti ndiikepo pakamwa. Koma ndinaona kuti mawu a mtsikanayo sakumufika, ndinafuna kuthandiza.

"Apongozi, mtima m'malo," ndinatero, maso ali pansi. "Zili ngati chimanga chamakolo. Umadzala choyera chokhachokha, pokolola n'kupeza ngala ina ili ndi njere zofiira."

Anandiyang'ana kumaso, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire.

"Njere zofiira zimabwera ndi mphepo, amayi. Zimachokera m'munda wa woyandikana naye."

"Ayi bambo, chitsanzo chimenecho sichikugwirizana, tamvani," anatero namwino, koma iye anali atafika kale pakhomo.

Fainala sanatembenuke. Anagwira kadzanja ka Ezelina kamene kanali ndi paipi. "Amayi, mukanangokhala chete," anatero pansipansi.

Ezelina anachira. Milomo inabwerera mtundu wake, anayamba kulirira mbatata ya odwala anzake. Tinabwerera kumudzi.

Levison sanakalipe, sanamenye munthu. Kukanakhala bwino akanakalipa, tikanaitana ankhoswe n'kukhala pansi. Iye anangogwira ntchito. Anatsitsa fodya m'chigafa, anasankha, anadinda mabelo pa jeke. Ezelina akabwera kudzatsamira pa mwendo wake, ankasuntha pang'ono n'kunena kuti, "Pita kwa amako." Fainala anamuchonderera kuti abwerere kuchipatala akafunse adokotala aakulu. Anayankha kuti akuchipatala amatonthoza aliyense, ndi ntchito yawo. Anabwera mkulu wa mpingo, Levison anamumvetsera mwaulemu, anamuperekeza mpaka panjira, basi.

Tsiku lina ndikupeta nyemba, Levison anaima kuseri kwa nkhokwe, kumene sitikanaonana.

"Amayi, za kapitawo uja munkanena zija. Munaona chiyani?"

"Sindinaone kanthu, apongozi. Mulungu andimve. Ndinkangochenjeza."

"Munthu wamkulu sangochenjeza."

"Ine ndimachenjeza ndi za mphaka zomwe, funsani aliyense pamudzi pano."

Ndinamva mapazi ake akupita.

Mabelo atapita ku okushoni, m'mawa wina wa chisanu ndinamva hamala ikulira kunyumba kwawo. Ndinatuluka nsalu ili m'manja. Levison anali akuzula chitseko. Mkamwini akamachoka pamudzi amatenga zimene anabwera nazo ndi zimene anagula, khasu, nkhwangwa, chitseko. Zina zonse amasiya. Fainala anakhala pakhonde, nsalu atafunda mpaka kumutu, misozi ikutsika.

Ezelina ankaona ngati ndi ntchito chabe. Anaima pafupi, zikhatho atatambasula.

"Ababa, ndikugwirireni misomali."

Anamupatsa. Ankazula umodzi, n'kuika m'dzanja la mwanayo, kuzula wina, kuikanso. Atamanga chitseko panjinga ndi mphira, anawerama n'kutola misomaliyo m'kachikhatho kake, osamuyang'ana kumaso.

"Mukupita nacho kuti?"

"Kokakonza."

Anakankha njinga kudutsa pakati pa mapesi a fodya, chitseko chikugwedera kumbuyo. Ndinafuna kumuitana, koma sindinadziwe mawu amene sakanaonjeza kanthu. Apo Ezelina anaona msomali umodzi umene unagwera m'fumbi. Anautola n'kuthamanga.

"Ababa, mwaiwala wina!"

Levison anaima panjira, manja ali pa mahandulo. Anaima nthawi ndithu, mwana akuyandikira ndi timiyendo take. Sanacheuke. Mwanayo atangotsala pang'ono kumufika, iye anakwera n'kupalasa.

Fainala ndiye anapita kukamutenga Ezelina. Anabwera naye m'manja, mwana akufunsa ngati ababa abwerera akaona kuti misomali yaperewera.